Amene Shire sanatibwezere



Ku Uffizi, mu mzinda wa Florence ku Italy, amasunga mapepala akale amene mmisiri Jacopo Pontormo anajambulapo ndi choko anthu omira pa chigumula cha Nowa. Ankakonzekera zithunzi za pakhoma m'tchalitchi cha San Lorenzo, ntchito imene anaiyamba mu 1546 n'kumwalira asanaimalize. Zapakhomazo zinafafanizidwa m'zaka za m'ma 1700. Otsala ndi mapepalawo.

Kajambulidwe kake, kotchedwa Mannerism, kamatalikitsa matupi n'kuwapotokola. Anthu aunjikana, mwendo wa uyu pakhosi pa uyo, popanda poponda. Giorgio Vasari, wolemba mbiri ya amisiri, anati ntchitoyo ndi chisokonezo chokhachokha. Ife a kuchigwa kuno sitingatero. Amene anaona madzi osefukira ku Makhanga mu Januwale 2015, kapena Ruo ndi Shire zitalusa ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, akudziwa kuti madzi sayala munthu bwinobwino.

Koma m'tchalitchi chomwecho Pontormo anajambulanso kuuka kwa akufa. Matupi ndi opiringizika chimodzimodzi, kungoti tsopano akudzuka, wina akukoka mnzake.

Ndikulankhula ndi inu amayi, inu abambo, amene m'bale wanu anapita ndi madzi osapezeka. Adzukulu sanakumbe. Mulibe manda okalambula, mulibe poika chiliza, ndipo usiku mumadzifunsa ngati Mulungu adzadziwa kokamutenga. Werengani Chivumbulutso 20:13: Yohane anaona ngakhale nyanja ikubweza akufa ake. Ngati nyanja idzabweza, Shire ndani kuti akanize? Amene anaumba Adamu ndi dothi sangasokonezeke ndi matope a ku Dambo la Ndindi.

Ndipo inu amene mumanong'ona kuti okokolokawo anali ndi tchimo lawo, lekani. Pa Luka 13 Yesu anakana maganizo otere ponena za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera. Ambiri mwa okokolokawo anali kudimba chifukwa kumtunda chimanga chimapsa ndi dzuwa. Ankafuna chakudya cha ana, basi.

Sabata ino mphakati uliwonse ulembe mayina a onse amene sanapezeke. Muyende khomo ndi khomo, musasankhe mpingo. Lamulungu likubwerali mubwere nawo, tidzawatchule mmodzimmodzi pa Misa, ndipo achibale awo mudzawaperekeze mpaka kunyumba.