Kodi Kudula Mzere N'kuchenjera?

Makolo athu ambiri anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo pambuyo pake ku Teba. Masiku amenewo munthu ankangoyezedwa m'thupi ndi kudinda chala, zotsalazo bungwe linkakonza lokha. Njira imeneyi inatsekeka mu 1988. Lero wofuna kukagwira ntchito ku South Africa ayenera kudzipezera yekha chitupa chomuloleza kutero, chimene ambiri amachitcha viza. Malamulo amene dzikolo linakhazikitsa mu 2014 amati wopempha chitupachi akaonekere yekha pamaso, ali m'dziko lakwawo. Apa ndi pamene pagona funso langa: ngati mzere watalika ndipo mapepala akuvuta, kodi n'kulakwa kupereka kangachepe kuti zako ziyende msanga?

Funsoli linandipeza pamene ndinaperekeza mwana wa mlongo wanga ku ofesi ina mu mzinda wa Lilongwe. Mnyamatayu ndi makanika, ndipo anali atalonjezedwa ntchito ku Johannesburg. M'chikwama chake munali pasipoti, kalata ya abwana omulembawo, masatifiketi, kalata ya dokotala ndi kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu. Kusonkhanitsa zonsezi kunamudyera miyezi yambiri ndiponso mbuzi ziwiri. Tinafika mbandakucha, koma tinapeza ena atandanda kale. Dzuwa litapendeka, iye anafika pa zenera ndipo anabwezedwa chifukwa kalata ya kupolisi inali itapyola miyezi isanu ndi umodzi. Podikira pepala lina, loyamba linali litatha mphamvu.

Titatuluka pachipata, mwamuna wina wovala bwino, mmodzi wa aja timawatcha madobadoba, anatiyandikira monong'ona. Iye anati akudziwa wokonza tsiku la pa kalatayo, ndipo tikampatsa ya fanta zonse zitheka mawa lomwe. Mnyamata uja anandiyang'ana nati, "Amalume, ine sindinabe kanthu. Ndilibedi mlandu. Nanga cholakwika n'chiyani?"

Ndivomere kuti sindinayankhe msanga, pakuti mawu akewo anali ndi nzeru. Iye sankafuna kunama za khalidwe lake. Ntchito ikanatha kupita kwa wina, ndipo mayi ake ankayembekeza thandizo. Ambiri amanenanso kuti malamulo otere amalemera pa mmphawi yekha, popeza wachuma amalemba loya womuyendetsera zonse. Mfundo imeneyi si yoinyoza ayi.

Komabe tiyeni tilingalire chimene mzere uli. Pa mzere ndi pamalo pamene mwana wa mfumu ndi mwana wa mlimi amalingana, chifukwa chimene chimawerengedwa ndi nthawi imene munthu wafika. Wopereka ndalama kuti atsogole sagula nthawi kwa kalaliki, pakuti kalalikiyo alibe nthawi yogulitsa. Amalanda nthawi ya mayi wochokera ku Chitipa amene wagona pa depoti masiku awiri. Wolandidwayo samuona, ndipo n'chifukwa chake chikumbumtima sichimuvuta. Koma kuba kwa munthu amene sukumudziwa ndi kuba ndithu.

Chachiwiri, kalata ya boma ili ndi mphamvu chifukwa anthu amaikhulupirira. Tsiku limodzi lofufutidwa likadziwika, a dziko linalo amayamba kukayikira kalata za Amalawi onse, ndipo amawonjezera zofunsa. Motero wobwera m'mbuyo amapeza mzere wautali koposa. Chiphuphu chimene munthu amayesa mankhwala a kuchedwa ndicho chimadyetsa kuchedwako, popeza kalaliki wozolowera kulandira amaphunzira kubisa fayilo kufikira dzanja litatambasuka. Dziko lathu linaona kuipa kwake ndipo mu 1995 linakhazikitsa lamulo lolimbana ndi katangale, limene limalanga wolandira ndi wopereka yemwe.

Chachitatu, njira yachidule ili ngati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa ngati mlendo kwa masiku 30, koma chilolezo chimenechi si cha ntchito. Ambiri amalowera pomwepo n'kukhazikika. Otere amagwira ntchito mwamantha, ndipo bwana akawamana malipiro amaopa kukadandaula. Akagwidwa amasungidwa ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, podikira kubwezedwa kwawo. Wopyoza masiku ake angathe kuletsedwa kulowanso m'dzikomo kufikira zaka zisanu.

Pamenepa wina asaganize kuti ndikuti munthu azingopinda manja. Kudekha n'kosiyana ndi mantha. Mbewa ya manyazi inafera ku una. Wobwezedwa ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu chifukwa chake, kupempha mndandanda wa zonse zofunika, kulandira lisiti la ndalama iliyonse ndi kukaonana ndi mkulu wa ofesi ngati sanathandizidwe. Nawonso okhala kuseri kwa zenera akumbukire kuti fayilo iliyonse ndi banja la munthu. Kunena zosowa zonse pa ulendo umodzi, m'malo motchula chimodzi lero china mawa, ndi ntchito imene amalandirira malipiro. Inu ophunzira, ena mwa inu mudzakhala pa mipando imeneyo.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti, "Mwana wa mlongo wanga, kalata imeneyi ikunena kuti ndiwe wokhulupirika. Ukaikonza mwachinyengo, idzakhala ikunama ngakhale mawu ake onse ali oona." Anakhala chete njira yonse, ndipo ndinaona kuti wandikwiyira. Tinakapempha kalata yatsopano, ndipo iye analembera abwana aja kuti amudikire. Panalibe wotitsimikizira kuti adzadikiradi.

Sindikunena kuti woyenda njira yoongoka amapeza nthawi zonse chimene akufuna. Ena amadikira n'kukanidwa, pamene achinyengo amadutsa. Chilungamo chili ndi mtengo wake, ndipo nthawi zina wolipira ndi wosauka. Koma amene waima pa mzere kufikira nthawi yake sanalande mnzake kanthu, ndipo akafika pa chipata cha Beitbridge amapereka pasipoti yake dzanja lisakunjenjemera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.