Diso Limene Linaona Hagara

Werengani Genesis 16:1-14

Mukalowa m'banki kapena m'masitolo a ku Manda Hill mu Lusaka, kwezani maso kudenga: mudzaona makamera. Alinso m'miseu ikuluikulu ndi pamageti a nyumba zambiri. Mtima umakhala pansi tikawaona, pakuti wakuba amaopa kujambulidwa. Palibe coipa pamenepo. Koma kamera imangosunga cithunzi. Mukagwa siingakudzutseni, ndipo nthawi zambiri cithunzico amaciyang'ana zinthu zitaonongeka kale.

Hagara, mdzakazi wa ku Aigupto, anadziwa kuwawa kwa kukhala pansi pa diso la munthu. Atatenga pakati anayamba kupeputsa Sarai, ndipo Sarai anamuzunza mpaka anathawira kucipululu. Werengani mosamala: m'mutu wonsewu Abramu ndi Sarai samchula dzina, kwa iwo ndi mdzakazi cabe. Woyamba kumuitana ndi dzina lake ndiye mthenga wa Yehova, pa kasupe wa panjira ya ku Suri. Anamuuza kubwerera, mau olemera ndithu, koma anamulonjezanso mwana, Ismayeli, ndi mbumba yosawerengeka. Apo Hagara anazindikira kuti Mulungu amamuona, ndipo sanaope diso limenelo.

Tsono tibwere kunyumba kwathu. Ena a ife taika makamera kuti tiziona mtsikana wanchito ali ndi ana athu ife tili kunchito. Nkhawa ya mai ndi yomveka. Koma kodi munamuuza kuti kamerayo ilipo? Kodi yafika m'cipinda cimene amagona kapena kumene amasambira? Kumeneko ai, amai, icotseni lero. Ndipo kakanema ka kulakwa kwake si kotumiza pa WhatsApp kuti anzathu a m'cigwirizano aseke. Ngakhale dziko lathu linakhazikitsa lamulo la Data Protection Act mu 2021 loteteza zinsinsi za munthu. Nanga ife odziwa kuti mtsikanayo analengedwa m'cifanizo ca Mulungu?

Kamera idzakuonetsani kuti waswa mbale. Siidzakuuzani kuti kwa masiku atatu sakudya bwino cifukwa amai ake akudwala kumudzi, kapena kuti wina m'nyumba mwanu momwemo akumuvutitsa usiku. Zimenezo mudzazimva mukakhala naye pansi, kumuitana ndi dzina lake, ndi kumufunsa monga mthenga uja anafunsira Hagara kumene anacokera ndi kumene anali kupita.