Naboti akakana, mapu asunthe

Boma la Lazarus Chakwera litalowa mu 2020 linalonjeza kumanga nyumba 10,000 za anthu achitetezo: asilikali, apolisi, oyang'anira ndende ndi oona za olowa ndi kutuluka m'dziko. Maboma amasintha, koma kusowa kwa nyumbazo kulipobe, ndipo kuno ku Mwanza sitikumva ngati nkhani ya ku Lilongwe. Ife tili pachipata cha dziko. Ukangopitirira pa boma pang'ono wafika pa boda, kutsogolo kwake ndi Zobue, ndipo mathiraki ochokera ku Beira, Harare ndi Johannesburg amagona m'mbali mwa msewu wathu. Anthu a yunifomu timagula nawo tomato pamsika, timayimba nawo m'kwaya, ena amachita lendi kuseri kwa nyumba zathu. Tsiku lililonse akuluakulu a asilikali angathe kukhala pansi ndi a khonsolo, n'kutambasula mapu, n'kuloza pamene pamangidwe nyumba. Funso limene landigwira monga mkulu wa mpingo ndi ili: munthu amene ali ndi mphamvu yotenga, akapempha n'kukanizidwa, achite chiyani?

Ndiyambe ndi ngongole yathu, kuopa kuti wina angandiyese wodana ndi asilikali. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anafera kufupi ndi Beni ku Congo, pa ntchito yosungitsa mtendere. Namondwe wa Freddy atagwa mu Marichi 2023, asilikali anali m'gulu la anthu amene ankafukula anzathu m'matope ku Blantyre ndi ku Mulanje. Pa zionetsero za 2019 anthu ambiri ankayenda mtima uli m'malo akaona kuti msilikali ali pambali pawo. Munthu wotere akamagona ndi mkazi ndi ana anayi m'kachipinda kodontha, manyazi ndi a dziko lonse. John Chilembwe anadandaula kale mu 1914, m'kalata yake yopita ku nyuzi ya Nyasaland Times, kuti anthu akuda ankatengedwa kukafa pa nkhondo ya eni ake, akazi amasiye ndi ana n'kutsala pa umphawi. Dandaulo limenelo silinakalambe. Msilikali ayenera nyumba yabwino, yokhala ndi madzi, ndi sukulu yapafupi.

Koma nyumba imamangidwa pa dothi, ndipo dothi la ku Mwanza lili ndi eni ake. Kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati, malo amene pa mapu amaoneka opanda kanthu amakhala munda wa manachesi wa mayi wina, dimba la m'mbali mwa mtsinje, msipu wa mbuzi kapena manda. Mtengo wa nachesi umadya zaka usanayambe kubereka bwino. Amene anaubzala anabzala fizi ya mdzukulu.

Tikamva mawu akuti khonsolo ndi asilikali agwirizana, ambiri timapuma, poganiza kuti mgwirizano ndi chinthu chabwino nthawi zonse. Ine nkhani ya Naboti, pa 1 Mafumu 21, inandichotsa maganizo amenewo. Tiiwerenge modekha. Mfumu Ahabu sanayambe ndi kulanda. Anapita kwa Naboti wa ku Yezireeli n'kupempha munda wake wa mphesa, womwe unali pafupi ndi nyumba yachifumu. Analonjeza munda wina woposa umenewo, kapena ndalama. Kunena mwa masiku ano, anthu anafunsidwa ndipo chipukuta misozi chinalipo. Naboti anakana chifukwa chinali cholowa cha makolo ake. Tchimo linayamba pamene kukana kuja kunaoneka ngati chopinga choyenera kuchotsedwa. Ndipo amene anachichotsa ndani? Yezebeli, mkazi wa Ahabu, analemba makalata, n'kudinda chidindo cha mfumu, n'kutumiza kwa akuluakulu a mzinda wa Naboti yemweyo. Iwowo ndi amene anaitanitsa msonkhano, n'kupeza mboni zabodza, n'kumuponya miyala mnansi wawo. Mzinda ndi nyumba yachifumu anagwirizana bwino lomwe, palibe amene anatsutsa, ndipo mneneri Eliya anatumidwa kukadzudzula chipatso cha mgwirizano umenewo.

N'chifukwa chake ine diso langa lili pa ife eni mudzi kuposa pa mkulu wa asilikali. Iye amabwera ndi chosowa chake, ndipo n'choona. Amene amadziwa kuti pansi pa mtengo uja panaikidwa ana atatu a banja lina ndi nyakwawa, khansala ndi mlembi wa komiti ya chitukuko. Akakhala chete pofuna kusangalatsa alendo olemekezeka, kapena poyembekezera kanthu, ndiye kuti achita za akuluakulu a ku Yezireeli, ngakhale mwala asanaugwire. Ndinakhalapo pa msonkhano wina wa malo pamene anthu anaitanidwa zikhomo zitakhomedwa kale m'minda. Wolankhula anafunsa ngati alipo wotsutsa. Panalibe anadzutsa dzanja. Pobwerera, mayi wina wamasiye anandiuza chapansipansi kuti, "Abambo, ine ndikanayankhula bwanji galimoto zija zitaima pamenepo?" M'kaundula munalembedwa kuti mudzi wavomera.

Chete wa mtundu umenewu kuno timaudziwa bwino. Mu Meyi 1983, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Thambani, m'boma lathu lino, ndipo boma linalengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Anawapha anali apolisi, osati asilikali, zimenezo zimveke. Koma kwa zaka khumi ndi chimodzi, mpaka kafukufuku wa 1994, anthu amene ankakayika za ngoziyo anatseka pakamwa. Mwana amene anakulira m'nyengo imeneyo lero ndi gulupu kapena khansala, ndipo thupi lake limakumbukabe kuti kwa munthu wa yunifomu sayankha kuti ayi. Choncho mkulu wa asilikali akamva mudzi wa ku Mwanza ukuti inde, asafulumire kukondwa. Afunse kaye ngati mudziwo unali ndi mpata wokana.

Pa 2 Samueli 24 pali mfumu ina imene inakumana ndi inde wotereyu. Davide anafuna dwale la Arauna Myebusi kuti amangepo guwa la nsembe. Arauna ataona mfumu ndi anyamata ake akubwera, anagwada n'kupereka dwale, ng'ombe ndi nkhuni zomwe, zonse ulele. Davide anakana kulandira, n'kulipira masekeli 50 a siliva, ponena kuti sangapereke kwa Mulungu chinthu chimene sichinamudyere kanthu. Ine ndimaonanso china pamenepo. Arauna anali wa mtundu wogonjetsedwa, ndipo mphatso ya munthu wogonja amene waona mfumu pakhomo siidziwika ngati ndi chikondi kapena mantha. Wamphamvu woopa Mulungu amakayikira kufewa kwa zinthu zimene zikumugwera m'manja.

Wina anena kuti, nanga munthu mmodzi angaimitse chitetezo cha dziko lonse? Funsoli n'lolemera ndipo sindilipeputsa. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, tinaona mathiraki akudutsa ku Tete moperekezedwa ndi asilikali, ndipo tinadziwa kuti malire osatetezedwa ndi chiyani. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 44, amalola boma kutenga malo pa ntchito yothandiza anthu onse, bola mwini malo auzidwe nthawi ilipo, alipidwe moyenera, ndipo akhale ndi ufulu wokadandaula kukhoti. Ndikuvomereza kuti pali malo amene sangasinthike. Chipata cha boda chiyenera kukhala pa boda. Njanji ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala itadutsa kuno, inafunika mzere umodzi wosaduka. Koma nyumba zogona n'zosiyana ndi zimenezo. Zingasunthe makilomita awiri osachepetsa chitetezo cha aliyense. Ahabu ankafuna munda wa Naboti kuti alimemo ndiwo zamasamba pafupi ndi khomo lake, basi. Pamene chifukwa chosankhira malo ndi kuyandikira msewu wa tala kapena kusalala kwa dothi, kukana kwa mwini munda kuyenera kulemera kuposa kufewa kwa ntchito ya womanga.

Asatinene kuti ndife aumbombo ndi malo. Mu 2016 anthu zikwizikwi othawa ziwawa ku Tete anafika pa Kapise, ndipo mudzi unawalandira mpaka pamene anayamba kuwasamutsira ku Luwani ku Neno, dera lomwe linali mbali ya Mwanza lisanakhale boma palokha mu 2003. Anthu amene anapatsa othawa nkhondo pogona sangamane msilikali wawo malo. Chimene akufuna n'chakuti kupatsako kukhale kwawo.

Njira yake ilipo kale m'malamulo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu aliyense, ndipo linanena kuti amayi akhalemo. Kuno kumene malo ambiri amayenda kuchikazi, msonkhano wa malo wopanda mawu a amayi ndi wopanda eni ake. Khonsolo nayo ili ndi udindo woona mapulani a zomangamanga, ndipo udindowo sutha chifukwa womangayo wavala yunifomu. Iyenera kufunsa mafunso otopetsa aja: madzi achokera kuti pamene zitsime zimaphwa mu Okutobala, zonyansa za m'zimbudzi zipita kuti, ana a m'nyumbazo akalowa sukulu iti imene kale ana ena akuphunzirira pansi pa mtengo, njira ya ku chigayo ndi ya ku manda idutsa pati mpanda ukazungulira. Mafunso amenewa amatetezanso mkazi wa msilikali, amene adzatunga madzi pa mjigo umodzi ndi mayi wa m'mudzi msilikaliyo ali ku Congo.

Pa Luka 7 timamva za kenturiyo wa ku Kapernao, msilikali wa ulamuliro wachilendo. Kapolo wake atadwala, akuluakulu a Ayuda ndi amene anapita kukamupemphera kwa Yesu, n'kuchitira umboni kuti munthuyo ankakonda mtundu wawo ndipo anawamangira sunagoge. Akuluakulu a mzinda akupezekanso pano, monga ku Yezireeli, koma nthawi ino akulankhula mwakufuna kwawo. Umboni woterewu sulamulidwa. Ndikufuna asilikali athu adzakhale nawo kuno ku Mwanza, ndipo umayamba tsiku loyamba lokambirana za malo.

Choncho pempho langa kwa abwanamkubwa, mafumu ndi akuluakulu a asilikali n'lakuti pobwera kumudzi abweretse malo awiri kapena atatu oti tisankhepo, zikhomo zisanakhomedwe. Msonkhano woyamba uchitike alendo atabwerera, mudzi ulankhule wokha, amayi ayambe ndiwo. Dzina la aliyense wokana lilembedwe pamodzi ndi chifukwa chake, ndipo ayankhidwe pamaso pa anthu. Mitengo ya manachesi iwerengedwe umodziumodzi mwini wake alipo, ndalama zilowe m'manja mwake thirakitala isanafike. Ngati pamalo osankhidwawo pali manda, kapena munda wokhawo wa banja limene lilibe kwina kolowera, oyeza malo apinde mapu awo akayang'ane malo achiwiri aja.