Kodi Nkoyenera Kulirira Anthu a M'nthano?

Pali chisoni china chimene munthu sachitchula pabwalo, kuopa kusekedwa ndi anzake, ndicho chisoni cha iye amene watsiriza mabuku aatali a nthano, natsazikana ndi anthu amene anayenda nawo nthawi yaitali, chinkana adziwa bwino lomwe kuti anthuwo sanabadwe mwa mkazi, ndi kuti manda awo sapezeka pansi pano. Chisoni chotere chandigwera ine pomaliza mabuku atatu a J. R. R. Tolkien otchedwa The Lord of the Rings, amene anatuluka mu 1954 ndi 1955.

Kuno m'tsinde mwa phiri la Mulanje imamveka mbiri yakuti Tolkien anakwera phiri lathu, naona nkhungu za pa Sapitwa, natenga dzina la mtsinje wa Shire kukatcha mudzi wa tianthu take. Mbiriyi ikoma m'khutu, makamaka kwa alendo oyamba ulendo pa Likhubula, koma si yoona. Mkuluyu anabadwira ku Bloemfontein mu 1892, nachoka mu Africa ali wa zaka zitatu, osabwereranso. Ndipotu phiri limene makolo anati wopezamo chakudya cha mizimu adye chete osaitana mnzake, silisowa mlembi wa ku Oxford kuti likhale ndi zozizwitsa zake.

Tsono akulu ena a mpingo, anthu olemekezeka amene mawu awo sindiwapeputsa, amati misozi ndi ya maliro, ndi kuti mtima woumirira zopeka uli pafupi ndi kupembedza mafano. Ine ndiwayankha ndi Buku lomwelo limene iwo agwira m'manja. Pamene mfumu Davide anachimwa pa nkhani ya mkazi wa Uriya, mneneri Natani sanayambe ndi kumwerengera malamulo, koma anamsimbira za munthu wosauka ndi kamwana kake ka nkhosa, munthu amene sanakhaleko, ndi nkhosa imene sinadye udzu ndi tsiku limodzi lomwe. Ndipo mkwiyo wa mfumu pa zopekazo ndiwo unatsegula khomo limene choonadi chinalowerapo. Ngati Davide sanalakwe pokwiyira wolemera wa m'fanizo, ine ndilakwa bwanji pomvera chifundo Frodo wa m'mabuku a Tolkien?

Pakuti taonani chimene chimgwera Frodo. Asenza mphete yoipa kufikira ku phiri la moto, apulumutsa mudzi wa kwawo, koma pobwerera apeza kuti mabala ake samlola kukhalamo mwamtendere; motero akwera ngalawa naoloka nyanja, anzake nayang'ana pagombe. Chinthu ichi sichachilendo kwa ife amene tinamva za amuna obwera ku nkhondo ya ku Burma kapena ku migodi ya ku Joni, amene anamanga nyumba za malata koma iwo eni nakhala ngati alendo pakhonde pawo. Tolkien, Mkatolika wolimba amene anaona yekha nkhondo ya ku Somme mu 1916 nataya abwenzi ake, sanafune kutinyenga kuti wopambana abwerera wamphumphu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo wolirira Frodo alirira pang'ono za mawa lake.

Koma mlendo ndi mame, ndipo nthano yokana kutha ikadakhala ndende. Chimene ndiopa ine si misozi ayi, koma munthu amene atatsazikana ndi dziko la m'buku anyansidwa ndi la kwawo. Tolkien mwini anatseka njira imeneyo, pakuti wotsiriza kuoneka si Frodo, koma mnzake Sam wolima dimba, amene apeza mitengo ya kwawo itagwetsedwa ndi anthu aumbombo, nayamba kudzala ina. Wowerenga wa ku Mulanje sangadutse pamenepo osakumbuka mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene macheka ndi moto zautha pafupifupi wonse paphiri. Apa pokha nthano itisiya tokha: Sam anali ndi dothi lodalitsika lokulitsa mitengo msanga, pamene odzala mbande pamwamba pa phiri lathu alibe dothi lotero, koma makasu, timachubu, ndi ntchito yolambula njira zotchinga moto chilimwe chilichonse.