Ukulu wa Mwana ndi Amana

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, Mlengi wa zonse. Mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki Wake Muhammad.

Abale anga m'Chisilamu, palibe mwana amene anasankha tsiku lake lobadwa. Allah ndiye anaika wina kukhala wachisamba, wina wapakati, wina mzime. Nanga kubadwa poyamba kumampatsa chiyani mwana? Kumampatsa amana, chinthu chosungitsidwa chimene adzafunsidwa nacho.

Taonani Jabir ibn Abdullah. Atate ake anaphedwa pa nkhondo ya Uhud m'chaka cha 3 cha Hijra, nasiya ana aakazi ambiri. Jabir, akali mnyamata, anakwatira mkazi wokhwima amene anakwatiwapo kale, kuti alongo ake apeze wowalera, ndipo Mtumiki anavomereza maganizo akewo. Ukulu wake unali kusenza. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Koma ukulu wopanda chifundo umasanduka nkhanza. Surah Yusuf, ya 12 m'Qur'an yolemekezeka, ikutiuza za akulu amene anaponya mng'ono wawo m'chitsime chifukwa cha nsanje. Patapita zaka, Binyamin atagwidwa ku Iguputo, wamkulu mwa iwo anakana kubwerera kwawo, pokumbukira lonjezo limene anapereka kwa atate awo. Anazindikira udindo wake mochedwa, maso a Yaqub atatsala pang'ono kuyera ndi kulira.

Inu makolo, amana imeneyi ili ndi malire. Mtsikana wa zaka 9 amene amabereka khanda, kutunga madzi ndi kuphika nsima tsiku lonse, pamene ang'ono ake ali kusukulu ndi kumadrasa, nayenso ndi mwana. Kuthandiza pakhomo kumamuphunzitsa, koma kumulanda maphunziro ndi kumupondereza. Mzime amene sadzudzulidwa konse naye akulakwiridwa, pakuti adzakula osadziwa kusenza kanthu. Bashir atapatsa mphatso mwana wake Nu'man yekha, Mtumiki anakana kuikira umboni, namulamula kuopa Allah ndi kuchita chilungamo pakati pa ana ake.

Choncho gawani ntchito molingana ndi msinkhu, koma chikondi, chakudya ndi maphunziro zifike kwa onse. Wamkulu achitire chifundo mng'ono wake, wamng'ono alemekeze mkulu wake, monga Mtumiki anaphunzitsira.

Allah aike chilungamo m'nyumba zathu, ndipo agwirizanitse mitima ya ana athu. Amin.