Kodi namwino atiuze matenda a mnzathu?

Azimai anzanga, m'mipingo yathu ya ku Petauke ndi Nyimba, kuyambira ku Merwe kufikira ku Hofmeyr, tili ndi anamwino amene amavala yunifomu ya Chigwirizano monga ife. Mnzathu akadwala timathamangira kwa iwo: "Tiuzeni chimene chikuwavuta kuti tipemphere bwino." Akakana timati ngonyada.

Kodi alakwa? Ine nditi iyayi. Mulungu amene timampempha adziwa kale dzina la nthendayo. Ofuna kulimva ndi makutu athu chabe. Pa Miyambo 11:13 wosunga chinsinsi ndiye atchedwa wokhulupirika.

Boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere mu 2005, komabe alipo azimai oopa kukatenga mankhwala chifukwa pachipatalapo pali namwino wa mumpingo mwao. Namwinoyo akaulula kamodzi kokha, ngakhale cholinga chili pemphero, odwala ambiri adzabisala, ndipo ena tidzawaika m'manda.

Tsono namwino atiphunzitse kasamalidwe ka wodwala, atipime BP, atikumbutse tsiku la sikelo. Ife titunge madzi, tiphike phala, tipemphere. Dzina la nthenda likhale la mwini wake kufikira atafuna yekha kulitchula.