M'mera mpoyamba, ngakhale pa mfundo ya chingwe

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mawu amenewa timawakumbukira pa chimanga, koma pa ana timawaiwala, mpaka tsiku limene mnyamata wa Giredi 7 alephera kumanga mtolo wa nkhuni kuti ufike kunyumba usanamasuke. Mlandu si wake. Ife tinaphunzira zotere kubusa ndi kugowelo. Iye dzuwa limamutulukira ali pa njira ya kusukulu, ndipo madzulo maso ali pa foni.

Nchifukwa chake mtima wanga uli pa timagulu ta askauti aang'ono, aja a kansalu m'khosi. Ena kuno ku Lundazi amati ndi maseŵera a azungu. Zoona, anayambitsa ndi Baden-Powell pa chilumba cha Brownsea mu 1907, ndipo gulu la ana aang'ono, ma Cubs, linabwera mu 1916. Koma luso lotsata mapazi m'tchire Baden-Powell analinolera kuno ku Africa, kumapiri a Matobo mu 1896, ali pa nkhondo yolimbana ndi Amandebele. Nkhondoyo sitiiyamika ayi. Tingoti nzeru inachoka kwathu, inakavala yunifomu, n'kubwerera.

Safunsa anadya phula, choncho nafenso akulu tifunse kwa anawa, pakuti pali zimene akutiposa. Mwana wa skauti amadziŵa kuti wopsa ndi moto sapakidwa dzira kapena mankhwala otsukira mano, koma amathiridwa madzi ozizira kwa mphindi 20. Amadziŵa kuti wolumidwa ndi njoka satemedwa mphini, sayamwidwa bala, samangidwa chingwe cholimba. Amamugoneka phee, n'kumunyamula msanga kupita naye kuchipatala. Wotsegula m'mimba amamukonzera lita imodzi ya madzi oŵiritsa, timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Kumidzi ya kwa Mwase kapena kwa Kapichila, kumene kiliniki ili kutali ndipo mvula ya mu Januwale imadula njira, kamwana kodziŵa izi ndi kamene kangapulumutse mlongo wake.

Komabe dzanja limodzi silikumba mankhwala. Buku la askauti silidziŵa kuti luzi labwino limasendedwa ku mombo, silidziŵa kusiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha, silidziŵa kuti madzi a mtsinje wa Lundazi akafiira ndi kubwera ndi zinyalala, ndiye kuti kumtunda kwagwa mvula ndipo sawoloka. Silinaonepo lupsa la mu Okutobala, loyatsidwa ndi ana osaka mbeŵa, likunyambita nkhokwe ya munthu. Zimenezi zili m'mitu ya agogo amene angokhala pakhonde, palibe wowafunsa. Agogo aakazi nawonso ali ndi zawo: kukoleza moto ndi nkhuni zonyowa, kufutsa ndiwo, kusoka chigamba, ndipo anyamata asazithaŵe.

Chimene chimandiŵaŵa ndi yunifomu. Ndaonapo mwana ataima kunja kwa bwalo, akuyang'ana anzake akuguba, chifukwa makolo ake sanagulitse mtedza. Kodi mfundo ya chingwe imafunsa malaya? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kansalu ka m'khosi kokha n'kokwanira kuti alowe.

Inu aphunzitsi ndi atsogoleri a askauti, Loŵeruka likudzali tumani ana akatitenge kumudzi, tibwere ndi luzi lathu. Ndipo inu anzanga a imvi, akabwera musawabweze.